Mzere Woyera wa Amake Esitele

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti m'sutikesi ya pansi pa bedi ndimasungamo chipepala chachikasu chomatamata ngati ndi kalata ya nyumba. Amayi anu tsiku lina anafuna kuyatsira mbaula, ndinachita kuwalanda m'manja. Lero ndalemba kuti mudziwe chimene chili, kuopa kuti ndikadzapita mungadzakulungiremo kapenta. Za ubwana wanga ku Katete ndizilumpha, munazimva mpaka makutu kuwawa. Ndiyambira pa ntchito.

1976 mpaka 1991: M'tauni ndi ku Chelstone

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki mu ofesi ya boma yoona za anthu ovutika, pakati penipeni pa tauni ya Lusaka. Anandilemba chifukwa cha dzanja. Sindikudzitama ayi, koma zilembo zanga zinkaima chilili ngati asilikali, moti ma taipisiti ankandichitira nsanje. Abwana anga oyamba anali a Sakala, bambo wamfupi wa dazi amene ankayenda ndi rula m'thumba la jekete. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa lamulo limene ndinalisunga ngati vesi: “Mwanza, kalaliki wanzeru salemba chinthu kawiri. Ika kaboni.” Zaka zimenezo zinthu zinkasowa zedi. Sopo tinkachita kufolera mzere, mapepala a mu ofesi tinkalemba mbali zonse ziwiri, ndipo kaboni, pepala lakuda lija lokopera zolemba, tinkamugwiritsa ntchito mpaka atabooka. Choncho kupeza njira yachidule kunali nzeru, osati ulesi. Atanditumiza ku Chelstone ndinapita nalo lamulo lija, ndipo kumeneko ndinatchuka kuti mafaelo a Mwanza sachedwa. Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi, kukwera minibasi m'mawa ndi madzulo kuchokera kwathu ku Kabwata, osadwala ngakhale tsiku limodzi.

1992 mpaka 1993: Makalata a bulauni

Zipani zitachuluka, masitolo anadzaza katundu koma maofesi anayamba kukhuthula anthu. Kalata yochotsa munthu ntchito inkabwera mu envulopu ya bulauni, ndipo mesenjala akalowa nayo aliyense ankayang'ana pansi. Anzanga amene tinayamba limodzi anapita mmodzimmodzi. Ine ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi: anandibwereketsa ku kagulu kena kosamalira odwala m'makomo, kamene likulu lake linali ku Woodlands koma kaofesi kake kanali ku Kabwata komwe tinkakhala. Anandiuza poyera kuti ndi za kanthawi, ndipo akaona kuti sindikuthandiza, envulopu yanga ilipo kale.

Inali nthawi yoipa, ana anga. Matenda aja amene sitinkawatchula dzina analowa pafupifupi nyumba iliyonse. Analowanso kwathu. Azakhali anu a Malita, mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Kitwe ataonda, nagona m'chipinda chanu chakumbuyo miyezi inayi mpaka kumwalira. Ndinene zoona, ine ndi amayi anu tinkaopa kuwakhudza. Amene ankabwera kudzawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuchapa nsalu zawo anali amake Esitele, mayi wamasiye wa ku Chadiza amene ankakhala yekha nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Esitele mwiniwake anamwalira kalekale ali mwana, dzina lokha ndilo linatsala. Malita atatisiya, anali iwo omwewo amene analowa ku mochale kukasambitsa thupi, achibale tonse titaima panja. Ndiyo inali ntchito yawo m'dera lathu, yopanda malipiro. Mkazi akamwalira, kaya ndi wa mpingo uti, kaya ndi Mbemba kaya Mlozi, anthu ankathamangira kukagogoda kwa amake Esitele.

1994: Ba Chanda ndi mphasa yawo

Chaka chimenecho anatitumizira mkulu watsopano, mayi wa ku Luapula dzina lake ba Chanda. Tinamva kuti anaphunzira masamu kunja ndipo amakhala ku Kabulonga, dera la anthu olemera, m'nyumba ya mpanda, ndiye ndinati basi, tiona zidendene zazitali ndi chizungu cha m'mphuno. Ha! Anabwera atavala chitenje ndi nsapato za labala, nandipatsa moni ndi manja awiri. “Muli shani, ba Mwanza? Nimvela ati ndimwe muli na kwanja yabwino.” Ankanena za dzanja langa lija lolemba. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba, ndipo ankachilankhula mosachita manyazi. M'zaka zonse za ntchito yanga sindinaonepo mutu wakuthwa ngati umenewo, komanso sindinaonepo bwana wogwada pansi pa simenti pamaso pa kalaliki wake.

Vuto lathu linali ili. Tinali ndi azimayi odzipereka ochepa, oyenda m'makomo ndi sopo, magolovesi ndi ufa wa soya, koma nyumba zovutika zinali zambiri. Tisankhe ziti? Kale tinkangomvera atsogoleri a mipingo, ndipo aliyense ankatchula anthu ake. Ba Chanda anakana zimenezo. Anati wodwala amene ali ndi anthu omulowera m'nyumba angadikire, koma amene alibe womulowera ndiye woyamba. Anatuma azimayi aja nyumba ndi nyumba m'chigawo chathu, ngakhale kwathu komwe, ndi funso limodzi lokha: chaka chino, pamene munali ndi matenda kapena maliro, ndani analowa m'nyumba mwanu kudzathandiza?

Mayankho atabwera, ine ndinayamba kujambula timadontho ndi mizere yolumikiza, uyu kwa uyu, uyo kwa uyo. Pofika nyumba ya makumi awiri, pepala langa linali ngati ulusi umene mphaka wasewera nawo. Ba Chanda anaseka mpaka kugwira tebulo. Kompyuta inalipo imodzi ku Woodlands, yofunditsidwa chitenje, koma anati kagalasi kake n'kakang'ono, sikangaonetse Kabwata yense nthawi imodzi. Anatulutsa mabuku a masamu a ana a sukulu, aja a timabokosi, tinathothola masamba n'kuwamata ndi phala la ufa wa chinangwa mpaka kukhala chipepala chachikulu chodzaza pansi pa ofesi. Tinachitcha mphasa. Kumanzere tinalemba mayina a nyumba zonse kutsika pansi, ndipo pamwamba mayina omwewo, mwa dongosolo lomwelo, kupita kumanja. Lamulo lake linali lapafupi. Nyumba iliyonse ili ndi mzere wake wopingasa. Ukayenda ndi chala pa mzerewo, pansi pa dzina la munthu aliyense amene analowa kudzathandiza, umadetsa kabokosi ndi pensulo. Mzere wakuda ndi nyumba yodzaza alendo. Mzere woyera ndi nyumba imene palibe amalowamo.

Koma matsenga enieni anali pambuyo pake. Ba Chanda anatenga lumo n'kudula mphasa ija m'timizere, nayamba kusuntha, kuika pamodzi mizere yofanana madontho. Atakhutira, ine ndinajambulanso zonse mwa dongosolo latsopanolo, mayina a pamwamba nawonso kuwatsatitsa chimodzimodzi. Tinachita zimenezi katatu. Abale inu! Madontho amene anali balalabalala anasonkhana n'kukhala zigamba zakuda zooneka ndi maso. Apa panali ife a kum'mawa a mpingo wa Reformed, apo mabanja a Chikatolika ochokera ku Luapula ndi ku migodi, uko azimayi a pa msika, ndipo pakona kagulu ka abambo okumana ku thaveni, amene ndinadabwa kuona kuti amayenderana kuposa ife a m'kwaya. Ndinakhala m'Kabwata zaka zonsezo, koma ndinamuona koyamba tsiku limenelo ali gone pansi pa ofesi. Ndipo kudutsa zigamba zonsezo panali mtanda wakuda bii, mzere wotsika ndi mzere wopingasa, wa amake Esitele.

Tsopano mverani pamene atate anu anapunthwa. Podetsa timabokosi, ndinakumbukira a Sakala ndi kaboni wawo. Ndinaganiza kuti, ngati a Banda atchula a Mulenga kuti anabwera, ndiye kuti a Mulenga akadwala a Banda amapitanso, nanga si ndimo timakhalira? Ndiye dzina lililonse likatchulidwa ndinkadetsa mabokosi awiri nthawi imodzi, la uku ndi la uko, ndipo mafomu amene ndinaona kuti mizere yawo yadzaza kale sindinavutike kuwawerenga bwino. Ntchito ya masiku anayi ndinaimaliza masiku awiri, n'kumadzimva kuti ndine katswiri. Lachinayi tinasankha nyumba za mizere yoyera, ba Chanda anasaina mndandanda, ndipo unapita ku Woodlands kumene anaudinda n'kutseka.

Lachisanu masana ba Chanda anavula nsapato n'kukwera pa mpando kuti aone mphasa yonse kuchokera pamwamba. Kenako anatsika, napinda chipepalacho kuchokera pa kona kufika pa kona inzake, n'kuchiyang'anitsa ku windo. Kabokosi kakuda kalikonse kanagwera pa kakuda kanzake.

“Ba Mwanza, ichi chawama maningi. Chawama kupitilila,” anatero. “Aliyense wamene anayenda kwa munzake, na munzake anabwela? Bonse? Mu Kabwata muno?”

“Kwathu timati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, madamu,” ndinayankha ndikumwetulira.

“Uyo ni mwambi. Ine nifuna vamene banthu banakamba. Munalemba monga vili pa ma fomu?”

“Monga zilili, madamu.”

Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, “Ngati mwakamba so, nakhulupilila.” Anavala nsapato zawo n'kumapita. Akanandikalipira zikanakhala bwino. Mawu amenewo anandiwotcha kuposa mbama.

Loweruka m'mawa ndinatenga kiyi n'kubwerera ku ofesi ndekha. Ndinamata mphasa ina, n'kuyamba fomu imodziimodzi, bokosi limodzi pa dzina limodzi, osaika kaboni wa m'mutu. Zigamba zija zinatulukanso, ngakhale zinali zobooka apa ndi apo. Mzere wotsika wa amake Esitele, wosonyeza nyumba zimene iwo analowamo, unali wakuda monga kale, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndiye ndinatenga fomu yawo kuti ndidzaze mzere wopingasa, wa anthu amene analowa kwawo. Pa fomuyo panalibe dzina ndi limodzi lomwe. Mayi amene anakawafunsa analemba mawu ochepa basi: “Akuti palibe. Akutsokomola kwambiri.” Ndinayenda ndi chala pa mzerewo kuchokera kumanzere mpaka kumanja, woyera mbee, ndipo chala changa chinadutsanso pansi pa dzina langa lomwe. Ndinakhala pansi pa simenti n'kugwira mutu. Munthu amene anafunika thandizo kuposa wina aliyense, ine ndinamujambula ngati mwini abwenzi ambiri m'Kabwata monse, ndipo mndandanda unali utatsekedwa iye ali kunja.

Chifukwa chake ndinkachidziwa, ndipo tonse tinkachidziwa. Anthu ankati manja amene agwira mitembo ya matenda aja sadyera nawo. Pa maliro amake Esitele ankapatsidwa mbale yawoyawo. Inu ana tinkakuletsani kukamwa madzi kwawo, mwina mukukumbukira. Tinkawafuna pa tsiku loipa, tsikulo likatha tinkawapatsa moni tili pa msewu.

Lamulungu tikuchokera ku tchalitchi ndinawauza amayi anu zonse. Ndinati ndikangokhala chete palibe adzadziwe, koma ndikaulula kuti ndinalakwitsa ntchito n'kunamanso kwa bwana, envulopu ya bulauni ifika sabata isanathe, ndipo inu anayi munali pa sukulu. Titafika pa mphambano ya ku msika, amayi anu anaima.

“Atate ake a Yona,” anatero, “Malita atamwalira, kodi tinapita kukathokoza?”

“Shuga tinapereka.”

“Tinapereka pa mpanda. Ine ndinawapatsira pamwamba pa waya, kuopa kulowa. Chitani zimene mukuona, koma ine manyazi andigwira kale.”

Lolemba ndinalawirira ku ofesi. Ndinayala mphasa ziwirizo moyandikana, ndipo ba Chanda atalowa ndinanena zonse, za mabokosi awiriawiri ndi za bodza la Lachisanu. Anagwada pa mphasa yatsopano, nayenda ndi chala pa mzere wakuda wotsika, kenako pa mzere woyera wopingasa.

“Lesa wandi,” anatero motsitsa mawu, kuitana Mulungu m'Chibemba. “Uyu mayi analoba mu manyumba yonse aya, na palibe analoba mwake.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Ba Mwanza, ninaziba pa Chisanu ati mwanama. Ninafuna muzione mweka. Sembe ninakuuzani chabe, sembe munakonza pepala, koma simunamuone uyu mayi.”

Ankatanthauza kuti akanangondiuza, ndikanakonza pepala lokha osamuona mayiyo. Anakulunga mphasa zonse ziwiri, naziika m'kagalimoto kawo n'kulunjika ku Woodlands. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva patapita nthawi kwa taipisiti wa kumeneko. Akuti abwana aakulu anafunsa dzina la kalaliki wolakwitsayo, koma ba Chanda anati wolakwa ndi iwo, chifukwa sanafotokoze bwino kuti kupita ndi kubwera ndi zinthu ziwiri, ndiponso anasaina osayang'ana. Kalata yochenjeza inalembedwa m'dzina lawo, osati langa. Munthu wa ku Kabulonga, wa madigiri ake, kudetsa faelo yake chifukwa cha kalaliki wa fomu thuu! Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimavula chipewa ngakhale ndili ndekha. Ba Chanda sanandiuzepo, ndipo nditayesa kuthokoza anasintha nkhani.

Anabwerako masana nkhope ili yolemera. Anati akuluakulu avomera kuonanso mndandanda, koma mwezi wamawa, pakuti sopo ndi ufa za mwezi uno zagawidwa kale ndipo azimayi odzipereka apatsidwa kale nyumba zawo. Ine ndinati mwezi ndi wautali kwa munthu wotsokomola yekha m'nyumba. Ba Chanda anayalanso mphasa, naika chala pa mzere woyera uja, n'kuchiyendetsa mpaka pansi pa dzina langa.

“Aka ka bokosi sikafuna sitampa ya ku Woodlands,” anatero. “Munkhala kutali bwanji na beve?”

“Nyumba yachitatu, madamu.”

“Manje muchita chani mu ofesi?”

Dzuwa linali likadalipo pamene ine ndi amayi anu tinatsegula kageti ka amake Esitele, ine nditanyamula kathumba ka malasha, iwo kapoto ka phala. Zaka khumi ndi zinayi tili oyandikana, kanali koyamba kuponda pakhomo pawo. Ndinati odi. Tinamva chifuwa m'katimo, kenako kukwekwereza kwa mapazi, nthawi yaitali ndithu. Chitseko chitatseguka, anaima atagwira mphuthu, ataonda moti ndinachita mantha. Koma duku anali atamanga kale, ndipo m'khwapa anali atapanira beseni lawo lija ndi kansalu koyera.

“Ndani watisiya, a Mwanza?” anafunsa.

Amayi anu ndiwo anayankha. “Palibe, amayi. Palibe wamwalira.”

“Ndiye wadwala ndani? Ana ali bwino?”

“Onse ali bwino. Tabwera kudzakuonani inu.”

Anatiyang'ana wina ndi wina ngati talankhula chilankhulo chachilendo. Kenako anaika beseni pansi pang'onopang'ono, napatuka kuti tilowe. Anapepesa kuti mpando ndi umodzi, sanaganizepo zogula wachiwiri. Mwa mwambo wa kwathu anatunga madzi m'kapu kuti apatse mlendo, koma atafika pakati pa chipinda anaima, kapu ili m'manja, nati, “Kapena simumwa.” Ndinanyamuka n'kuilandira ndi manja awiri, ndinamwa onse mpaka pansi. Amayi anu anali akulira poyera, ndipo inenso, ana anga, ndinalira, sindibisa.

Sabata yomweyo tinapita nawo ku kiliniki. Chinali chifuwa chachikulu, ndipo atamwa mankhwala miyezi yambiri anachira, nakhala zaka zina khumi ndi chimodzi. Ndi agogo aja munkawapititsira ndiwo Lamulungu. Ine ndinagwira ntchito ndi ba Chanda mpaka kupuma, ndipo mphasa tinajambula zambiri, ku Chelstone ndi kwina, pambuyo pake pa kompyuta, koma sindinadetsenso mabokosi awiri pa dzina limodzi.

Chipepala cha m'sutikesi ndi mphasa yachiwiri ija. Mukachiyala, funani mzere woyera umene uli ndi kabokosi kamodzi kokha kakuda, pansi pa dzina langa. Sindinadetse ndine. Lachiwiri m'mawa ndinatenga pensulo kuti ndidetse, koma ba Chanda anandigwira dzanja.

“Munaloba mukati, olo munaimilila pa khomo?”

“Tinalowa, madamu. Madzi ndinamwa.”

Anandilanda pensulo, nagwada pansi, n'kudetsa okha.